Thanzi ORS saimitsa kutsegula m'mimba, auzeni anthu chifukwa chomwe tikuwamwetsera

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzi yanuyi. Ndikulemba kuchokera ku Harare, kuno a Malawi tilipo ambiri ndithu, ena tinabwera tokha kudzasaka, ena anabadwira konkuno makolo awo atabwera kale nthawi ya chitaganya kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi ku njanji, mukapita ku Mbare, Highfield, Mufakose kaya Mabvuku Chichewa mukachimva basi. Ine kwathu ndi ku Ntcheu koma ndimagwira ntchito pa kauntala mu famase ina mtauni muno, nde zomwe ndikudandaulazi ndimaziona ndi maso.

Nkhani ndi ya uthenga wa kolera. Mvula ikangoyamba kununkhira inu a nyuzi, a wayilesi ndi a zaumoyo mumayamba zija za sambani m'manja ndi sopo, thirani WaterGuard m'madzi, wotsegula m'mimba mpatseni Thanzi ORS. Zonsezo nzoona sindikutsutsa. Koma mumasiyira panjira. Simuwauza anthu kuti ORS akalowa m'mimba akukachita chiyani, makamaka simuwauza chomwe sachita. Nde mayi amasungunula paketi bwinobwino, kumwetsa mwana kapu imodzi ziwiri, kuona kuti thewera likunyowabe basi amagamula kuti mankhwalawa ngabodza, posakhalitsa uyo wafika pa kauntala "achimwene ndipatseni oimitsa". Ukakana amangotuluka kukagula kwa anyamata ogulitsa makapusozi pa siteshoni ya basi omwe safunsa olo funso limodzi. Ine mayiyo sindimuda ayi, akuganiza bwino malinga ndi zomwe anauzidwa. Anamuuza kuti awa ndi mankhwala a mwana wotsegula m'mimba ndiye akudikira kuti kutsegulako kusiye. Vuto ndi lathu odziwa, timabisa chifukwa chake poganiza kuti anthu wamba sangamve za maselo. Angamve bwanji osamva, munthu amene amamasula injini ya kombi n'kuibwezera ikuliranso.

Ndipo si kuti matendawa ndi achilendo kwa ife. Kuno ku Zimbabwe kuyambira August 2008 mpaka pakati pa 2009 anthu oposa 98,000 anadwala kolera, oposa 4,000 anamwalira, inayambira ku Chitungwiza ndipo Budiriro inavutika koopsa. Mu September 2018 inabukanso ku Glen View ndi Budiriro komweko, mapaipi a suweji ataphulika n'kuipitsa madzi a m'mijigo ndi m'zitsime. 2023 inayambira ku Chegutu, pofika November mzinda wa Harare unali pa chipwirikiti, ku Kuwadzana kutavuta. Kumudziko simukusowa kukumbutsidwa, kuyambira March 2022 ku Machinga mpaka 2023 odwala anaposa 58,000 omwalira anaposa 1,700, mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa January uja. Ife okhala kuno timalira mbali ziwiri, maliro a kuno ndi mauthenga a maliro akumudzi pa WhatsApp.

Nde ndiloleni ndifotokoze ine, mukaona kuti zatalika mudule koma pakatipa musadulepo.

Matumbo athu m'kati mwake anakutidwa ndi maselo omwe aima mzere umodzi wokha, selo limodzi kuchindikala kwake basi. Mbali ina kuli chakudya ndi zonse zomwe tameza, mbali ina kuli magazi. Tingoti ndi mpanda wokhala ndi mageti ambirimbiri, lililonse ndi ntchito yake. Maselowa sakhalitsa, pakatha masiku 3 mpaka 5 amathothoka ena atsopano n'kulowa m'malo, sungani mfundo imeneyi tiifuna kutsogoloku. Tsiku lililonse m'matumbo a munthu wamkulu mumadutsa madzi pafupifupi malita 9, ochepa chabe mwina malita 2 ndi omwe wamwa ndi kudya, ena onsewo ndi a thupi lomwelo, malovu, madzi a m'chifu, ndulu, a kapamba ndi a matumbo enieniwo. Pafupifupi onsewa amabwerera m'magazi, omwe amatuluka ndi chimbudzi sakwana n'komwe kapu. Taonani mmene ntchitoyi ilili yaikulu, ikangosokonekera pang'ono munthu wagona.

Chinsinsi chake nchakuti thupi lilibe pampu ya madzi. Limasuntha mchere, madzi amangotsatira. Komwe kwapita mchere madzi amapita komweko. Mchere wa pakhomowu uli ndi zigawo ziwiri, sodium ndi chloride, ndipo pa nkhani yotulutsa madzi kupita m'matumbo wotsogolera ndi chloride. Zimayenda chonchi. Ku mbali ya magazi selo lili ndi geti lotchedwa NKCC1 lomwe limalowetsa sodium mmodzi, potassium mmodzi ndi chloride awiri nthawi imodzi. Mbali yomweyo kuli pampu yomwe sipuma, imatulutsa sodium atatu kubwezera ku magazi n'kulowetsa potassium awiri, imeneyi ndi imene imadya mphamvu. Potassium naye ali ndi potulukira pake kubwerera. Amene amatsala ataunjikana m'selomo ndi chloride. Ku mbali ya chakudya kuli geti lina, dzina lake CFTR, likatseguka chloride amakhuthukira m'matumbo, sodium amamutsatira podutsa m'mipata ya pakati pa maselo, madzi nawo pambuyo. Si matenda zimenezi, ndi mmene thupi limanyowetsera chakudya ndi kufewetsa chinanda cha m'matumbo, geti limatseguka pang'ono n'kutseka. Anthu obadwa ndi CFTR yowonongeka ndi amene amadwala cystic fibrosis, matenda ofala kwa azungu, iwo vuto lawo ndi losiyana, makhololo ndi chinanda zimauma gwaa mpaka kutseka mapapo ndi matumbo. Jini yake anaipeza mu 1989, gulu la Lap-Chee Tsui ndi John Riordan ku Toronto pamodzi ndi Francis Collins ku Michigan.

Tsopano kolera. Kachilombo kake, Vibrio cholerae, ndi kochenjera moipa chifukwa sikalowa m'magazi, sikaboola matumbo, sikapanga zilonda. Nchifukwa chake chimbudzi cha kolera sichikhala ndi magazi ngati cha kamwazi, ndipo ambiri thupi silitentha n'komwe, mwina m'mimba simupotanso, nde anthu amaona ngati nzazing'ono. Kamangokhala pamwamba pa maselo paja n'kumatulutsa poizoni. Amene anasonyeza zimenezi ndi dokotala wa ku Calcutta, Sambhu Nath De, mu 1959. Anasefa tizilombo tonse n'kutenga madzi okhaokha omwe timakhalamo, kuwathira m'chigawo cha thumbo la kalulu chomwe anamanga uku ndi uku, thumbolo linatupa ndi madzi popanda kachilombo olo kamodzi. Poizoniyo amamatirira pa khungu la selo pamalo otchedwa GM1, kulowa m'kati, n'kukawononga switchi yomwe imauza selo kuti basi siya. Switchi ikakanirira, kamthenga kotchedwa cAMP kamachuluka m'selomo ndipo geti la CFTR limangokhala lotsegula usiku ndi usana. Nthawi yomweyo geti lina lomwe limayamwa sodium mwa masiku onse, NHE3, limafooka. Kotulukira kwatseguka, kolowera kwatsekeka. Munthu wamkulu amene yamugwira kwambiri atha kutaya lita imodzi pa ola, madzi oyera ngati otsukira mpunga aja. Ndiye werengani nokha, wayamba m'mawa pofika madzulo watsala ndi chiyani. Maso kulowa, mawu kutha, zala kukwinyika, ukatsina khungu la pamimba silibwerera. Potassium akutayikanso nde minofu ya m'miyendo imakokana, bicarbonate, yemwe amaletsa asidi m'magazi, akutayika magazi amasanduka a asidi munthu n'kumapuma mofulumira. Kwa khanda liwombo limalowa, ife kuthamangira kukasaka mankhwala opaka pamutu chikhalirecho mwana watha madzi.

Apa mpomwe mfundo ya masiku 3 mpaka 5 ija ikubwera. Selo lomwe poizoni walowa kale silimvanso, limapitiriza kutaya mpaka lidzathothoke lokha. Olo mutapha tizilombo tonse lero lomwe ndi mankhwala amphamvu bwanji, maselo omwe analandira kale poizoni sangasiye pompo. Ntchito ya wosamalira wodwala ndi imodzi, kumusunga wamoyo mpaka mzere watsopano wa maselo utafika.

Mwayi wathu ngwakuti pali geti limodzi lomwe poizoni wa kolera salikhudza. Dzina lake SGLT1. Limeneli lili ndi khalidwe lake, sililola sodium kulowa yekha, sililolanso gulukosi kulowa yekha, limafuna abwere pamodzi, sodium awiri pa gulukosi mmodzi. Akalowa, chloride ndi madzi amatsatira kupita ku magazi. ORS ndi zimenezi basi, mchere ndi shuga pa muyezo woti adutse pa geti limeneli. Robert Crane ndi amene anafotokoza mu 1960 pa msonkhano ku Prague kuti shuga amalowa m'selo atakwera pa sodium. Mu 1968 ku Dhaka David Nalin ndi Richard Cash anasonyeza kuti odwala kolera atha kuchira ndi madzi akumwa oterewa m'malo modalira dilipi yokha. Koma yomwe imandikhudza ine ndi ya 1971, nthawi ya nkhondo ya Bangladesh, mu msasa wa othawa kwawo ku Bangaon kolera itabuka madilipi atatha, Dilip Mahalanabis anasakaniza mchere, gulukosi ndi soda m'migolo n'kuuza achibale a odwala kuti azimwetsa okha ndi makapu. Imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 pa 100 aliwonse kufika pa osakwana 4. Omwetsawo sanali madokotala, anali azimayi ndi azibambo othawa nkhondo ngati omwe tinawasunga ku Nsanje ndi ku Dedza nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Magazini ya madokotala ya The Lancet mu 1978 inafika ponena kuti mwina ichi ndi chinthu chachikulu kuposa zonse chomwe zachipatala zinatulukira m'zaka 100 zimenezo. Ife lero timachiona ngati timadzi tamcheremchere topatsa anthu osauka pamene mankhwala enieni atha.

Nde mwaona Akonzi, ORS sakhudza n'komwe geti la CFTR. Likadali lotsegula, madzi akutulukabe, wodwala apitabe kuchimbudzi. Chomwe ORS akuchita ndi kulowetsa madzi pa geti lina mwa liwiro loposa omwe akutayika. Muyeso woti akugwira ntchito si kuwerenga maulendo a kuchimbudzi ayi. Onani ngati wodwala akukodza, ngati maso abwerera, ngati mwana wayamba kulira ndi misozi, kuyamwa, kukwiya akamulanda chidole. Chiganizo chimodzi chokhachi mutachiika pa uthenga uja, chakuti chimbudzi chipitirira koma musasiye kumwetsa, ndikhulupirira mayi uja sangataye botolo.

Munthu akamvetsa za getili zinanso zimamveka zokha popanda kuloweza. Chifukwa chiyani osamupatsa Fanta, Coke kaya Sobo? Chifukwa muli shuga wambiri mchere mulibe, geti likufuna awiriwo pamodzi, ndipo shuga wotsala m'matumbo amakoka madzi kuchokera m'thupi, kutsegula kumaonjezeka. Chifukwa chiyani osathira mapaketi awiri mu lita imodzi kuti akhale "wamphamvu"? Chifukwa chomwecho, kuphatikizapo mchere wochuluka umavulaza ubongo wa khanda. A WHO ndi UNICEF enieniwo mu 2002 anachita kuchepetsa, pa muyezo wawo wa mu lita imodzi, sodium kuchoka pa 90 kufika pa 75, gulukosi kuchoka pa 111 kufika pa 75, ataona kuti wosukulukirapo ndi amene amayamwika bwino, ana amasanza pang'ono ndipo ofuna dilipi amachepa. Paketi imodzi lita imodzi ya madzi otetezedwa, akagona maola 24 mutaye mupange wina. Paketi palibe, masipuni ang'onoang'ono a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni ya mchere mu lita imodzi, kuno ku Zimbabwe m'makiliniki amaphunzitsa muyezo womwewo koma mu botolo la 750 ml, anthu athu amakangana nazo pa misonkhano ya beriya kuti wolondola ndani, ine ndimati tsatirani zomwe nesi wa komwe muli wakuuzani bola musaonjezere mchere, mukalawa asapose misozi. Wapanyumbayu alibe potassium nde nthochi ithandize, ndipo ndi wongoyambira muli panjira yopita kuchipatala osati wogonera. Phala la mpunga lamadzimadzi lothira kamchere limagwiranso ntchito chifukwa mpunga ukagayika umatulutsa gulukosi pang'onopang'ono. Wasanza dikirani mphindi 10 muyambirenso ndi sipuni, pang'onopang'ono. Bere lisasiyidwe. Mwana apatsidwenso zinc, 20 mg pa tsiku kwa masiku 10 mpaka 14, wosakwana miyezi 6 theka lake. Koma amene walefuka osatha kumwa, kapena akusanza chilichonse, ameneyo musalimbane naye kunyumba, akufunika dilipi ya Ringer's lactate msangamsanga. Kolera yoopsa yosathandizidwa imatha kupha mpaka theka la odwala, yothandizidwa bwino sipha olo mmodzi pa 100.

Tibwere ku "oimitsa" aja. Ambiri akamatero akunena loperamide. Ameneyu ndi m'bale wake wa morphine, ntchito yake yaikulu ndi kugonetsa minofu ya matumbo kuti isakankhe. Pa munthu wamkulu wotsegula m'mimba mwa wamba amene ali pa basi yopita ku Mwanza kudzera Nyamapanda ndi Tete, chabwino ndimamvetsa, ndimagulitsa. Koma pa kolera ganizani, chloride akutulukabe madzi akutsatirabe, kungoti tsopano akudzadza m'matumbo osaoneka, achibale akusangalala kuti zasiya n'kuleka kumwetsa, wodwala akuuma m'kati. Pa kamwazi ndi thupi lotentha ndi woletsedwanso chifukwa mukutsekera tizilombo m'kati, ndipo kwa ana ang'ono asayerekeze, mimba imatupa matumbo kuima. Wina ndi Flagyl, abale inu Flagyl tinamukonda ngati chiyani, chilichonse cha m'mimba Flagyl. Iyeyu ndi wa amoeba ndi giardia, pa kolera alibe ntchito, pa rotavirus amene amavutitsa makanda alibenso ntchito, uyo tinamupezera katemera, Malawi anayamba 2012 Zimbabwe 2014. Maantibayotiki a kolera alipo, doxycycline kapena azithromycin, amafupikitsa matenda kwa odwala kwambiri koma amabwera pambuyo pa madzi ndipo wosankha akhale wachipatala. Kolera ya 2018 ku Harare kuno inapezeka kuti sikumva ciprofloxacin ndi ceftriaxone, madokotala anachita kutembenukira kwa azithromycin. Tizilombo sitiphunzira kukana mankhwala patokha, timaphunzitsidwa ndi makapusozi awiriawiri ogula pa msika.

Ndipo poti ndayamba za mapilitsi ndimalize, chifukwa pilitsi lililonse lomwe timameza liyenera kudutsa pa mzere womwewu wa maselo lisanafike m'magazi, nkhani yomwe pa kauntala timainena mothamanga anthu n'kumaona ngati tikungovuta. Mankhwala ena amasungunuka m'mafuta nde amangolowerera pa khungu la selo. Ena amakwera nawo mageti a chakudya, amoxicillin amadutsa pa PEPT1 lomwe ntchito yake yeniyeni ndi kulowetsa tizidutswa ta mapuloteni a nyama ndi nyemba. Komanso selo lili ndi pampu yothamangitsa alendo, P-glycoprotein, anaipeza Rudolph Juliano ndi Victor Ling mu 1976, mankhwala akalowa iyo imawagwira n'kuwabwezera m'matumbo. Loperamide uja chomwe samaledzeretsera ngati abale ake ndi pampu yomweyi, imamubweza m'matumbo, ndipo wochepa amene wafika m'magazi imamukaniza kulowa mu ubongo chifukwa ilikonso kumeneko. Omwe amamwa mapilitsi ambirimbiri kufuna kuigonjetsa amathera ku vuto la mtima. M'maselo omwewa mulinso enzayimu yotchedwa CYP3A4 yomwe imaphwanya gawo la mankhwala asanafike n'komwe ku chiwindi. Manyumwa amaifoola enzayimu imeneyi, ndiye munthu wa BP amene ali pa nifedipine akamwa juwisi wa manyumwa mankhwala amalowa ochuluka kuposa omwe adokotala anawerengera, chizungulire, kugwa. Rifampicin wa TB amachita zosiyana, amachulukitsa mapampu ndi maenzayimu m'matumbo ndi m'chiwindi, mankhwala ena n'kumatha msanga m'thupi. Nchifukwa chake amene ali pa ma ARV a TLD, omwe muli dolutegravir, akayamba mankhwala a TB amamuonjezera dolutegravir wina wa 50 mg patatha maola 12, si kuti anesi asokoneza ayi, ndipo mayi amene ali pa mapilitsi olera kapena ka pamkono ayenera kuuzidwa kuti njira yakeyo yafooka. Ndi angati amauzidwa?

Ena sayandikira n'komwe pa geti chifukwa agwidwa ali m'njira. Ciprofloxacin, doxycycline ndi dolutegravir akakumana ndi calcium, magnesium, aluminium kapena ayironi amamatirana n'kupanga chinthu chomwe sichingadutse, chimangotuluka ndi chimbudzi. Zimenezi zili mu mankhwala oyera a chilungulira aja, mu mapilitsi oonjezera magazi omwe amayi oyembekezera amalandira ku sikelo, ndipo kwa cipro ngakhale mkaka ndi yogati. Dolutegravir amwedwe maola 2 musanamwe zoterezi kapena maola 6 mutamwa, ku kiliniki ya ma ARV akuuzani ndondomeko yake mukafunsa, paja safunsa anadya phula. Makala omwe atchuka masiku ano eti ochotsa zoipa m'thupi nawo sasankha, amagwira zoipa ndi mankhwala omwe. Koma LA wa malungo, kuno amati Coartem, ndi wotembenuza, gawo lake la lumefantrine sililowa bwino popanda mafuta, nde amafuna mkaka kapena phala la nsinjiro. Mkaka womwewo, kwa LA ndi wothandiza kwa cipro ndi wosokoneza. Munthu angaloweze bwanji zimenezi ngati sanauzidwe chifukwa chake?

Chinanso chomwe sindinachionepo pa positala ya kolera iliyonse. Munthu amene watha madzi impso zake zili pa ngozi, nde Brufen, diclofenac ndi Indocid, omwe anthu amamwa minofu ikamakokana, amangoonjezera moto. Omwe ali pa metformin, enalapril kapena mapilitsi okodzetsa a BP akatsegula m'mimba kwambiri afike kuchipatala ndi mapaketi awo m'manja adokotala aone ngati ena ayambe aima. Ma ARV musasiye nokha. Wa mapilitsi olera amene watsegula m'mimba kwambiri kupitirira tsiku adziwe kuti mwina sanalowe, agwiritse kondomu.

Mwina wina afunsa kuti nanga bwanji osangopanga mankhwala otseka geti la CFTR lenilenilo. Akuyesa. M'malabu amamera maselo a m'matumbo a munthu, otchuka ndi T84 ndi Caco-2, pa kansefa mpaka atapanga mzere umodzi ngati wa m'mimba, n'kumayeza ndi magetsi kuchuluka kwa chloride amene akudutsa, njira yomwe Hans Ussing wa ku Denmark anayamba ndi khungu la chule. Pa Caco-2 pomwepo mpamene makampani amayezera ngati mankhwala atsopano angalowe m'magazi kapena pampu ija iwabweza. Otseka getili alipo amodzi omwe anafika pa msika, crofelemer, ochokera ku utomoni wofiira wa mtengo wa Croton lechleri wa ku Amazon, ku America anawavomereza mu 2012 koma kwa anthu omwe ali pa ma ARV ndipo akutsegula m'mimba popanda tizilombo, osati kolera. Azitsamba athu asadumphe ndi chimwemwe kuti mwaona nanga, mtengo umenewo unadutsa zaka zambiri za kuyezedwa, si muzu uliwonse wa mu botolo la Chibuku. Choseketsa nchakuti mankhwala otsegula getili dala aliponso, linaclotide, amapatsa anthu odzimbidwa.

Ndikudziwa ena ati bamboyu akutitayitsa nthawi ndi maselo pamene gwero ndi madzi. Nzoona. Bola m'mipopi muli gwaa, suweji ikuyenda m'misewu, anthu akutunga pa zitsime zosatetezeka, kolera ibwerabe, kaya ku Glen View kaya ku Ndirande ndi ku Mtandire, ndipo katemera wakumwa uja anachepa padziko lonse moti mu October 2022 anayamba kupereka dozi imodzi m'malo mwa awiri. Zimenezo lembani ndithu, muwafunse a maudindo osawanyengerera. Koma mapaipi satheka usiku umodzi, pamene mwana amene wayamba kutsegula m'mimba 2 koloko ya usiku ali m'manja mwa mayi ake kapena agogo ake, ndipo chomwe iwo akhulupirira pa ola limenelo ndi chimene chigamule.

Pempho langa ndi ili. Mvula isanafike patulani theka la tsamba, mupeze dokotala kapena mphunzitsi wa ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS akuthandizeni kuona kuti zalondola, wojambula wanu ajambule selo limodzi lalikulu ndi mageti awiri okha, CFTR muvi wotuluka, SGLT1 muvi wolowa, m'munsi mwake Chichewa chomveka choti agogo a ku Ntcheu atha kuwerengeredwa ndi mdzukulu. Mulembe poyera ndi zilembo zazikulu kuti ORS saimitsa chimbudzi, ndi zizindikiro zoti wodwala akuchira, ndi zoti tsopano nyamukani. Mukatero muikenso ngati chithunzi choti chitha kuyenda pa WhatsApp chifukwa kuno pepala lanu silifika, timangowerenga pa foni. Ana obadwira kuno ambiri Chichewa amamva koma kuwerenga amakonda Chishona, zimenezo tisiyireni timasulira tokha, ine ndikalisindikiza ndikamate pa khoma la tchalitchi chathu cha CCAP ndi kukapereka kwa amayi a chigwirizano, lina ndiika pa kauntala pompano pafupi ndi bokosi la loperamide.

Ine wowerenga wanu,
Mtchona wa ku Ntcheu,
Highfield, Harare